Leo Fender: Wokonza Mawailesi Amene Anapanga Gitala Yosavuta Kukonza

Mukapita ku ukwati ku Mandimba, kapena ku chalichi ku Cuamba kumene kuli gulu loyimba ndi zida zamagetsi, tayang'anitsitsani gitala imene akuliza. Nthawi zambiri thupi lake ndi thabwa lopanda bowo pakati, lokhala ndi tinyanga tiwiri kumtunda. Kumutu kwake, tokungira nsambo tonse 6 tili mbali imodzi. Maonekedwe amenewa sanangobwera okha ayi. Anacokera m'mutu mwa bambo wina wa ku America, dzina lawo a Leo Fender.

Codabwitsa n'cakuti bambowa sankadziwa kuliza gitala. Nchito imene ankaidziwa bwino inali kukonza mawailesi. Tiyeni tiwerenge za moyo wawo. Tikamaliza, mudziwa cifukwa cake magitala ena a zaka 70 akulirabe mpaka lero. Mudziwanso mmene mungasamalire gitala yakale imene ili kwanu kapena ku mpingo kwanu.

Mwana wa kumunda wa malalanje

A Leo Fender anabadwa pa 10 Ogasiti 1909, m'cigawo ca California ku America. Makolo awo anali alimi a malalanje pafupi ndi tauni ya Fullerton. Ali ndi zaka 8, anatuluka cotupa m'diso lamanzere. Madokotala anacotsa disolo n'kuikamo lagalasi. Kuyambira pamenepo, moyo wawo wonse ankaona ndi diso limodzi basi.

Ali mnyamata, anakaceza kwa wacibale wawo wina amene ankakonza magetsi a magalimoto. Kumeneko anaona wailesi imene wacibaleyo anapanga yekha ndi zitsulo zotolatola. Wailesiyo inawatenga mtima. Atabwerera kunyumba, anayamba kumasula mawailesi akufa kuti aone za m'kati mwake, kenako n'kuwamanganso. Pang'onopang'ono anayamba kukonzera anansi.

Anamaliza sekondale mu 1928 n'kupita ku koleji ya ku Fullerton komweko. Kodi mukuganiza kuti anakaphunzira zamagetsi? Ayi ndithu. Anaphunzira zowerengetsa ndalama. Zamagetsi anadziphunzitsa okha, powerenga ndi poyesa ndi manja.

Nchito itatha

M'zaka za m'ma 1930 ku America kunagwa umphawi waukulu. Makampani ambiri anatsekedwa. A Fender anakwatira a Esther Klosky mu 1934. Anapeza nchito yowerengetsa ndalama ku nthambi ya boma yoona za misewu, koma nchitoyo inatha. Anapeza ina ku kampani ya matayala, nayonso inatha.

Mu 1938 anakongola madola 600 n'kutsegula kamalo kokonzera mawailesi ku Fullerton. Anakapatsa dzina lakuti Fender Radio Service. Ganizirani za amisiri amene timawaona pamsika, atakhala pakati pa mawailesi ndi mafoni omasula, utsi wa mtovu uli tolo! A Fender anayamba conco.

Oyimba anayamba kubwera pamalopo. Ena ankabweretsa zokuzira mawu zowonongeka. Ena ankabwereka masipika amene a Fender anapanga okha, kuti akagwiritse nchito ku madansi. Tsiku ndi tsiku a Fender ankamva madandaulo awo. Ankaona ndi diso lawo limodzi lija pamene zida zimakonda kuthyoka, ndi pamene zimavuta kukonza.

Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse sanawatenge ku usilikali cifukwa ca diso lija. Anayamba kupanga zokuzira mawu ndi timagitala togoneka pamiyendo, pamodzi ndi mnzawo Doc Kauffman. Mu 1946 awiriwa anasiyana, ndipo a Fender anapitiriza okha. Kampani inatenga dzina lawo.

Kodi gitala yamagetsi imalira bwanji?

Tiime kaye pang'ono kuti timvetse cida cimeneci. Gitala wamba ili ndi mimba yamphako. Mukakhudza nsambo, mimbayo ndi imene imakuza mawu. Gitala yamagetsi imadalira kacipangizo kena kochedwa pikapu, kamene kamakhala pansi pa nsambo. M'kati mwake muli timaginito, tokulungidwa ndi waya wamkuwa woonda ngati tsitsi. Wayayo amazungulira maulendo masauzande.

Nsambo yacitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, mu waya muja mumabadwa timagetsi tocepa kwambiri. Timagetsito timayenda m'cingwe mpaka m'bokosi lokuzira mawu, limene oyimba amati ampulifaya. Ampulifaya ndi imene imalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba. N'cifukwa cake nsambo za nayiloni sizigwira nchito pa gitala yamagetsi. Maginito samva nayiloni.

A Fender sanali oyamba kupanga gitala yamagetsi. Makampani ena anayamba kale m'zaka za m'ma 1930. Koma magitala ambiri a nthawi imeneyo anali adakali ndi mimba yamphako. Woyimba akakweza mawu m'holo yodzaza anthu, mimbayo inkayankha sipika, ndiye kunkamveka kulira koboola m'makutu. Lina linali vuto la khosi. Khosi linkamatidwa ku thupi ndi guluu. Likathyoka kapena kupindika, pankafunika mmisiri waluso kwambiri, masiku ambiri ndi ndalama zambiri.

Maganizo a munthu wokonza zinthu

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yathu. Munthu amene wakhala zaka zambiri akukonza zinthu za eni amaganiza mosiyana ndi ena. Akamapanga cinthu catsopano, amadziwa kuti tsiku lina cidzawonongeka. Ndiye amaganiziratu za munthu amene adzacikonze.

A Fender anatenga thabwa lolimba, lopanda mphako, n'kulisandutsa thupi la gitala. Kulira koboola m'makutu kuja kunacepa. Khosi sanalimate ndi guluu. Analimanga ndi masikuluwu anayi, amene ena kuno timati maparafuzo. Khosi likawonongeka, mumangomasula anayiwo, kucotsa lakale n'kuika lina. Mawaya ndi totembenuzira mawu anaziika pa kacitsulo kamodzi kosavuta kutsegula. Ciwalo ciliconse cinali coti mutha kucicotsa pacokha.

Gitala imeneyi inatuluka mu 1950. Ya pikapu imodzi anaicha Esquire. Ya mapikapu awiri anaicha Broadcaster. Kampani ina, ya Gretsch, inadandaula kuti dzinalo likufanana ndi la ng'oma zake. Conco mu 1951 dzina linasintha kukhala Telecaster.

Anthu a makampani ena anaiseka gitalayo. Ena ankaiyerekeza ndi nkhafi yopalasira bwato. Panalinso vuto lenileni. Magitala oyambirira analibe citsulo m'kati mwa khosi, ndiye makosi ena anapindika cifukwa ca kukoka kwa nsambo. A Fender anavomera kuika kamtengo kacitsulo m'kati mwa khosi, kamene mmisiri amatha kukunga kapena kumasula kuti khosi liwongoke. Eni magitala opindika aja sanataye cida conse. Ankangosintha khosi.

Oyimba wamba anaikonda. Inali yolimba, mawu ake anali omveka bwino, ndipo ikawonongeka paulendo inkakonzeka msanga.

Besi ndi Stratocaster

Masiku amenewo besi inali cigitala cacikulu, cotalika ngati munthu, coimika pansi. Kunyamula kwake kunali cintchito, ndipo mawu ake ankamira m'phokoso la ng'oma. Mu 1951 a Fender anatulutsa besi yamagetsi ya nsambo 4, yokoleka paphewa. Dzina lake ndi Precision Bass. Pakhosi pake anaikapo timizere tacitsulo ngati ta gitala, kuti cala cizigwira malo oyenera. Mukamamvera besi ikuyankhula m'nyimbo za Alick Macheso wa ku Zimbabwe, dziwani kuti cida ca mtundu umenewo cinafala kucokera pamenepa.

A Fender sankagwira nchito okha. Anali ndi anzawo monga George Fullerton ndi Freddie Tavares. Ankaperekanso magitala oyeserera kwa oyimba kuti akalize ku madansi, abwere adzanene zimene apeza. Oyimba ena anadandaula kuti m'mphepete mwa Telecaster mukuwabaya m'nthiti akaimba usiku wonse. A Fender anamva. Gitala yotsatira anaisema kumbuyo kuti igone bwino pamimba, n'kuisemanso kutsogolo pamene pamatsamira mkono. Anaika mapikapu atatu. Anaikanso kacitsulo kogwedezera mawu. Nsambo iliyonse inali ndi pokhalira pake, poti mutha kukweza kapena kutsitsa.

Gitala imeneyi ndi Stratocaster, ya mu 1954. Ndi ija ya tinyanga tiwiri tinanena poyamba paja. Oyimba ochuka monga Buddy Holly ndi Jimi Hendrix ankaliza yomweyi. Hendrix anali wamanzere, ndiye ankangoitembenuza n'kusintha nsambo. Mwaona? Munthu wosadziwa kuliza gitala anapanga gitala imene dziko lonse likutengera, cifukwa ankachera khutu kwa amene amaidziwa.

Zaka zomaliza

Kampani inakula kwambiri, koma thanzi la a Fender silinali bwino. Mu Januwale 1965 anaigulitsa ku kampani ya CBS pa mtengo wa madola 13 miliyoni. Dzina lakuti Fender linapita limodzi ndi kampaniyo.

Ndalama anali nazo tsopano, koma sanakhale pansi. Atacira anabwerera ku tebulo lawo la nchito. M'zaka za m'ma 1970 anapanga magitala ndi mabesi a kampani ya Music Man. Mkazi wawo, a Esther, anamwalira mu 1979. Caka cotsatira anakwatira a Phyllis. Ca m'nthawi yomweyo anayambitsa kampani ina ndi mnzawo wakale George Fullerton. Anaicha G&L, kutenga zilembo zoyamba za maina awo, George ndi Leo.

Atakalamba anadwala matenda onjenjemeretsa thupi, ochedwa Parkinson. Komabe ankapita ku nchito mpaka kumapeto kwa moyo wawo. Anamwalira pa 21 Malici 1991 ku Fullerton, ali ndi zaka 81. Kwa zaka zambiri, cipinda cawo cogwirira nchito anacisiya mmene anacisiyira eni ake.

Mpaka kwathu kuno

Gitala yamagetsi sinacedwe kufika ku Africa. Ku Congo, Franco ndi gulu lake la OK Jazz, limene linayamba mu 1956, anaipatsa kaliridwe kathu ka kuno. Mawailesi anafalitsa nyimbo za rumba mpaka kumidzi yathu. Kum'mwera kwa dziko lathu, oyimba marrabenta nawonso anaitenga. Kutsidya kwa malire, ku Balaka, kuli gulu la Alleluya Band. Kuno ku Niassa tili ndi gulu la Massukos la ku Lichinga, limene a Feliciano dos Santos amaimba nalo nyimbo zophunzitsa za ukhondo ndi madzi abwino.

Magitala ambiri amene amafika kwathu si a Fender enieni. Ndi a makampani ena amene anatengera kapangidwe kake. Ambiri timawagula atagwira kale nchito kwina. Koma tembenuzani gitala yotere muone kumbuyo, pamene khosi lakumana ndi thupi. Nthawi zambiri mupeza masikuluwu anayi aja. Ndiye kuti nayonso ndi yokonzeka.

Mtengo wa gitala yakale

Lero magitala a Fender amene anapangidwa kampani isanagulitsidwe mu 1965 amafunidwa kwambiri. Anthu amawagula pa ndalama zambiri. Wogula amafunsa ngati utoto ndi womwe uja wa ku fakitale, ndiponso ngati mapikapu ndi masikuluwu sanasinthidwe. Gitala yokalikakalika koma ya ziwalo zake zoyambirira imadula kuposa imene aipentanso kuti ioneke yatsopano. Nthawi zina mtengo umakwera cifukwa ca munthu amene ankailiza. Mu 2019, Stratocaster yakuda ya woyimba David Gilmour inagulidwa pafupifupi madola 4 miliyoni ku New York.

Koma cenjerani, abale anga. Si gitala yakale iliyonse imene ili cuma. Ndiponso alipo akathyali amene amamata dzina lakuti Fender pa gitala wamba kuti akweze mtengo. Musagule cifukwa ca dzina lokha. Ilizeni kaye, muyese totembenuzira mawu tonse, muyang'ane ngati khosi ndi lowongoka. Ngati n'kotheka, pitani ndi munthu wodziwa. Kwa ife, phindu lenileni la gitala yakale ndi lakuti ikulira, ndipo ina yatsopano si yapafupi kuipeza.

Mmene mungasamalire yanu

Adani a gitala kuno kwathu timawadziwa: thukuta, fumbi, kutentha, cinyezi ndi ciswe.

Mukamaliza kuliza, pukutani nsambo ndi khosi ndi kansalu kouma. Thukuta lili ndi mcere, ndipo mcere umabweretsa dzimbiri. Musatsuke gitala ndi madzi. Musaipake mafuta ophikira, cifukwa amakola fumbi.

M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, isungeni m'cikwama cake. Ngati mulibe cikwama, ikulungeni ndi nsalu yoyera. Fumbi likalowa m'totembenuzira mawu, gitala imayamba kukhosomola m'sipika.

Musaisiye padzuwa, kapena kuikoleka pafupi ndi denga la malata. Kutentha kumapinda khosi n'kung'amba utoto. Pokwera chapa, musalole kuti aimange pamwamba pamodzi ndi matumba a cimanga. Khalani nayo pamiyendo.

Nthawi ya dzinja, musaigoneke pansi. Pansi pali cinyezi, ndipo ciswe sicisankha thabwa. Musaitsamiritsenso ku khoma mwacisawawa. Mwana kapena nkhuku ikangoigunda, yagwa.

Pozula cingwe, gwirani kumutu kwake, osakoka waya. Nthawi zambiri gitala ikasiya kulira, vuto limakhala cingwe kapena kawaya kamodzi koduka pamene cingwe cimalowera. Mmisiri wa mawailesi wa pamsika atha kukalumikiza ndi mtovu.

Khosi likapindika, musakunge citsulo ca m'kati cija ndi mphamvu. Cimafuna kutembenuza pang'ono kwambiri, ndipo cikathyoka ndi nkhani ina. Siyirani munthu amene anacitapo kale.

Mukasintha ciwalo, cakaleco musataye. Cisungeni m'kathumba. Ndipo musathamangire kupala gitala yakale kuti muipentenso. Zipsera zake sizilepheretsa kulira.

Za ampulifaya, mvetsani bwino pano. Musaitsegule nokha. Ampulifaya, makamaka yakale, imasunga magetsi oopsa m'kati ngakhale mutaizula ku khoma. Ndiponso werengani zimene zalembedwa kumbuyo kwake musanailumikize. Magetsi athu ndi a 220 V. Zida zopangidwira ku America zimafuna 110 V kapena 120 V. Mukailumikiza osawerenga, ipsa nthawi yomweyo.

Comaliza, tengani kope ndi colembera. Yang'anani kumutu kwa gitala, kapena pa kacitsulo ka masikuluwu anayi kaja. Lembani dzina ndi nambala imene mwapeza. Ikadzabedwa, nambalayo ndi umboni wanu. M'kope lomwelo muzilemba tsiku limene mwasintha nsambo, ndi dzina la amene wabwereka gitala ya gulu. Zimenezi zimacepetsa mikangano.

A Fender anacita mbali yawo. Anapanga cida coti cikadwala cizicira. Mbali yotsala ndi ya amene wacigwira m'manja. Gitala imene ili pakona ya chalichi kwanu, yopanda nsambo ziwiri ndipo aliyense akuti inafa, mwina ikungofuna kawaya kamodzi ndi munthu woipukuta. Kaiyang'aneni sabata ino.

Mafunso okambirana ndi anzanu

1. A Leo Fender anaphunzira ciyani ku koleji? Nanga zamagetsi anazidziwa bwanji?
2. N'cifukwa ciyani anamanga khosi la gitala ndi masikuluwu m'malo mwa guluu?
3. Oyimba anawathandiza bwanji popanga Stratocaster?
4. Chulani adani atatu a gitala kuno kwathu.
5. Ndi zinthu ziti pakhomo panu zimene mumatha kukonza zikawonongeka? Nanga ndi ziti zimene sizikonzeka? Lembani maina ake m'kope lanu.